Waya wa pa Chitseko cha Josiah

"Musalire, bamulamu. Mukalira chabe, Kanyama yonse izaziba," anatero Chrispin.

Maud analuma chitenje kuti mawu asatuluke. Mwamuna wake, Josiah, anali gone m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, momwe ankakhomera mbaula. Dzulo masana anayamba kutsekula m'mimba, nati akagona kushedi poti kuli kamphepo, kuchipatala apita kukacha madzi akaphwa m'njira. Kutacha, mwana wawo Mwaiwathu anasuzumira pazenera napeza maso ali tong'o, ntchentche zili pakamwa. Anathamangira kwa Chrispin, mkulu wake wa malemu.

Dzina la matendawo palibe ankalitchula, koma aliyense ankalidziwa. Kolera inali itavuta m'komboni ya Kanyama, ndipo boma linali litalamula kuti womwalira nayo asasambitsidwe, asaonedwe nkhope, maliro asasonkhanirane. Ankabwera anthu ovala zoyera, kupopera mankhwala, kumuika m'thumba, basi. Abale ochepa ankaimirira patali kumanda ngati odutsa m'njira.

"Tizakamba kuti ni BP," anatero Chrispin monong'ona. "Mumusambike, timuvalike suti. Galimoto napeza kale, mawa tili kumunzi ku Chadiza. Mng'ono wanga sangayende mu pulasitiki monga nyama ya mu butchala."

"Batate bakulu, bamayo bakagwira thupi lija bazadwala," anatero Mwaiwathu. Mantha anali atamugwira zenizeni. Pamzere wa nyumba zawo womwewo, mayi wina anasambitsa mtembo wa mwana wake Lachiwiri, Lachisanu iyenso anamunyamula.

"Iwe, ukamba na ndani? Imfa ili m'manja mwa Mulungu."

"Si ndimwe munalalikira kuti olamulira anaikidwa na Mulungu, tizibamvera?"

Ha, mwana ameneyu! Chrispin anali mkulu wa mpingo, ndipo kumubwezera ulaliki wake kunali kumuponda pachilonda. Anaimirira, mpando n'kugwa.

"Mawu yamene yaja yakambanso kuti Mulungu ndiye oyamba, munthu pambuyo! Batate bako unabaiwala? Paja banabwera kugumula misasa ya bazimayi pamsika, ndani anakhala pansi kutsogolo kwa chigalimoto? Ndani anagona mu selo, akuimba nyimbo? Josiah sanaopepo boma. Manje iwe ufuna kumupereka?"

Zinali zoona. Bambo ake anali munthu wosamva zoopseza. Ngakhale chitseko cha nyumba sankakhoma, m'Kanyama muno momwe mbala zimaba ndi nsapato zonyowa. Ankati chitseko n'chotchinga mphepo, osati anthu. Oledzera, othamangitsidwa lendi, onse ankagona pabalaza pawo.

Panja galimoto inadutsa pang'onopang'ono m'matope, chimkuzamawu chikukumbutsa anthu za kolorini. Chrispin yemwe, ndi kulimba mtima kwake konse, thukuta linali kamukamu pamphumi.

Maud ananyamuka. Anathira madzi ofunda m'beseni, natenga sopo watsopano ndi kansalu koyera.

"Mayo, napapata," Mwaiwathu anagwada n'kugwira mwendo wa mayi ake. "Nataya batate lelo. Musanisiye neka."

"Mwanawe, leka. Munthu uyu ananisambika ine pamene ninadwala chaka chathunthu. Nimusiye ayende na litsiro?"

Anamudutsa. Mwaiwathu anawatsatira akulira chamumtima, foni ili m'manja, koma chala chikukana kudina. Akaimbira azaumoyo, mayi ake sadzamukhululukira. Akapanda kuimba, mwina sabata yamawa adzakhala wamasiye kawiri.

Pashedi, Maud anakankha chitseko ndi phewa. Sichinatseguke. Anaika beseni pansi n'kukankhanso ndi manja awiri. Chinangosuntha pang'ono, mpata wolowa chala, kenako gwa.

"Chalimba na mvula," anatero Chrispin. "Patukani."

Anakankha, chitseko chinalira koma osagonja. Anawerama n'kuika diso pampatapo, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzuka, nkhope inali itagwa.

Maud anasuzumira naye. Waya wokhuthala, uja Josiah ankapangira zogwirira mbaula, anali atapisidwa pabowo la chitseko n'kuzungulira nsanamira, kenako kupotedwa, kupotedwanso, mfundo ili mkati. Pulayala inali pansi pomwepo. Pambali pake panali kapu yake ndi mbale yake, zomwe dzulo anaziitanitsa kuchokera m'nyumba osanena chifukwa. Kuchokera pachitseko mpaka pamphasa, dothi linkaonetsa mmene munthu anakwawira.

"Na mphamvu ziti, Josiah?" anafunsa Maud motsitsa, ngati mwamuna wake ayankha. "Munali kukangiwa na kunyamula kapu."

Chrispin anayang'ana nyundo yomwe inali pawindo, koma sanaitole. Anavula chipewa n'kukhala pa mbaula yosatha kukhoma, manja ali kumaso.

"Mwai," anatero Maud osatembenuka. "Tuma foni. Ubauze kuti ni ba Josiah Sakala, babwere na chodulira waya."

Mwaiwathu akuyankhula pafoni, mayi ake anagwada m'matope. Anaviika kansalu m'madzi aja asanazizire, napaka sopo, n'kuyamba kupukuta chitseko pang'onopang'ono, kuyambira kumwamba kutsika m'munsi.