Kuseri kwa Mpanda wa Chipatala

Nyumba yathu inayandikana ndi chipatala moti munthu akatsokomola ku wodi, ife timamva tili kukhitchini. Amayi ankachitchula kuti "chipatala chathu", ngati anachiumba ndi manja awo. Anachiona chili zipinda ziwiri zokha, dokotala mmodzi woyenda pa njinga yakapalasa, odwala akudikira pansi pa mtengo. Kenako chinameza bwalo la mpira, chinameza msika, chinameza nyumba za anzathu, mpaka maambulansi anayamba kuchokera m'madera akutali. Ana awo tonse tinabadwira momwemo, ndipo nkhaniyo sankatopa nayo. Akuti ankayamba asesa, kusamba, kenako n'kudutsa pakageti kakumbuyo, mwana n'kubadwa tiyi asanazizire.

Tsiku limene matenda anamuyamba mlamu wanga, mkazi wa achimwene, mwamuna wake anali pa ulendo ndi lole yakuntchito. Inali mimba yoyamba. M'mawa anandiitana atagwirira chitseko.

"Alamu, msana ukuduka. Tiyeni tizipita."

"Muzipita kuti m'mawa uno?" anatero Amayi. "Mukaswere pabenchi tsiku lonse? Kuthamangira n'kwa anthu akutali, mwanangu. Ife chipatala chili pakhomo."

Palibe anatsutsa. M'dera lathu ndi mmene tinkachitira, ndipo tinkawaseka anthu obwera ndi mphasa ndi ndowa tsiku lawo lisanakwane.

Masana mlamu anayamba kutaya magazi. Amayi nthabwala zinawathera. Tinamugwira wina uku wina uku, n'kulowa m'kanjira kopita kukageti kaja. Kageti kanalibepo. Panali khoma latsopano, simenti yake ikadali yoyera, pamwamba waya waminga. Amisiri tinkawamva ndithu akugogoda, koma ndani akanaganiza kuti angatsekere eni dera njira? Amayi anamenya khomalo ndi chikhatho, akuitana anamwino amene anapuma ntchito kalekale.

Geti lalikulu linali mbali inayo. Sindinkadziwa kuti mpandawo unatalika chonchi. Bambo wina wogulitsa zitsulo anatibwereka wilibala, ine n'kumakankha, Amayi akuthamanga pambali nsapato zili kumanja. Mlamu anali atasiya kubuula, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa kwambiri.

Titalowa, Amayi sanafunse munthu. Anatitsogolera molunjika pachitseko chobiriwira pamene anatiberekera. M'katimo munali makompyuta ndi mtsikana wovala jekete.

"Oyembekezera anasamukira kunyumba yosanja yatsopano ija, mayi, pamwamba penipeni. Tsatirani mzere wachikasu uli pansiwu."

"Mwana iwe, ine ndinaberekera muno!"

"Pepani mayi, muno ndi mu ofesi tsopano."

Mzere wachikasuwo unatidutsitsa kojambulira, kolandirira mankhwala, kwa odwala maso, makonde osatha ofanana okhaokha. Anthu ankangotipatukira. Wokankha odwala wina atationa anamunyamula mlamu n'kumugoneka pa kabedi ka matayala, n'kuthamanga nafe kuchikepe. Pamwamba paja anamwino anamulandira mwachangu, sindinganame. Anali ndi makina ambirimbiri, madokotala atatu anatulukira nthawi imodzi. Chitseko chinatsekedwa, ife tinatsala pakhonde.

Ndinakwiya. Ndinakwiyira khoma, ndinakwiyira amene anajambula mapulani ake, ndinakwiyira Amayi amene anali atakhala pansi penipeni, benchi ilipo. Foni ya achimwene inkalira m'thumba mwanga, ine osayiyankha. Ndikanawauza chiyani?

Patapita nthawi namwino wamkulu anatuluka akuvula magolovesi. Anagwada pafupi ndi Amayi.

"Ndinu apongozi ake? Mayiyu tamupulumutsa, ali bwino. Koma mwanayo, pepani agogo. Anali wamkazi. Mukanafika msangako, tikanayesa." Anawagwira phewa. "Mayendedwe anavuta eti? Mwachokera kutali?"

Amayi anadzuka n'kupita pawindo, ine n'kuwatsatira poopa kuti agwa. Nyumba yosanjayo anaimanga kumapeto kwenikweni kwa mpanda. Pansi pathu pomwepo, kuseri kwa khoma, panali denga lathu la dzimbiri, chitseko chili pululu mmene tinachisiyira. Pachingwe pankauluka matewera amene Amayi anachapa m'mawa kuti mwana adzawapeze ofewa, ndipo anali atauma kale.