Kapepala ka mu Juzi

Chaka chathu chomaliza kusekondale ndinkakhala desiki imodzi ndi mtsikana amene sukulu yonse inkamutchula Wayilesi. Dzinali anamupatsa ndi mphunzitsi wa Chingelezi tili m'chaka choyamba, atatopa nako kulongolola kwake. "Kodi wayilesi imeneyi ilibe pozimitsira?" anafunsa mphunzitsiyo. Mnzangayo, osaopa n'komwe, anayankha kuti, "Mabatire ake ndi atsopano, aphunzitsi." Kalasi yonse inafa nacho chiseko, dzina n'kumukanirira. Ine ankanditchula Kajuzi, chifukwa juzi ya sukulu sindinkavula, kuzizire kaya kutenthe.

Amayi ake a Wayilesi anali telala. Anali ndi kachipinda kuseri kwa msika, momwe munali makina awiri opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi mulu wa mapepala abulauni ojambulapo mapatani a zovala. Teremu iliyonse mnzangayo ankandibweretsera mapepala otsala kuti ndikutire makope anga. Ena ankakhala ndi mizere ya choko chabuluu, ena timabowo ta mapini.

Teremu yachiwiri ili mkati, ahedi anatiitanitsa tonse a chaka chomaliza n'kulengeza za mayeso oyeserera, amene ife tinkangowatchula kuti moko. Anati aliyense wolephera maphunziro oposa awiri sadzalemba mayeso aboma m'dzina la sukulu yathu. Anatinso wogwidwa akubera, ngakhale ndi kapepala kochepa ngati chikhadabo, ulendo wakwawo tsiku lomwelo. Chaka cham'mbuyo ana atatu anagwidwa pa mayeso aboma, ndipo manyazi ake ahediwo anali asanawaiwale.

Kunyumba nkhaniyi inandipeza ndili kale ndi mantha. Achemwali anga aakulu anali atalephera mayeso aboma zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo ankangokhala pakhomo, kuchapa, kusesa ndi kuphika. Bambo, amene ankayendetsa basi ya maulendo ataliatali, sankawakalipira ayi, koma ankawalankhula ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Nditawauza za moko, anapitiriza kupukuta nsapato zawo, osandiyang'ana.

"Pakhomo pano pali kale mlonda wa masana," anatero. "Wachiwiri sindikumufuna."

Achemwali anali pakhomo la khitchini, mbale ili m'manja. Anangobwerera mkati.

Maphunziro enawo ndinkayesetsa, koma Fizikisi inali itandikhalira pakhosi. Wayilesi ankaimva ngati nthano. Tikaweruka tinkapita kwa amayi ake, n'kukhala pa benchi ya makasitomala, iye n'kumandiphunzitsa makina akulira. Ankajambula mawaya ndi mababu pa zidutswa za mapepala, akutukwana mwachikondi.

"Iwe Kajuzi, mutu wakowu ndi dengu kodi? Ndikamathira kuno, kukutayikira uko."

"Bwerezanso kamodzi kokha."

"Kamodzi kako kaja ndi kachisanu tsopano. Amayi, mumusokere chigamba m'mutumu!"

Amayi akewo ankangoseka, mapini ali kukamwa.

M'mawa wa tsiku la Fizikisi ndinadzuka zonse zitauluka m'mutu. Ndinatsegula kope, ndinaona ngati ndikuliona koyamba. Pamenepo ndinang'amba kachidutswa ka chikutiro, chakumkati kopindika kuja, n'kulembapo mafomula asanu ndi atatu ndi pensulo, m'zilembo zazikulu koma zing'onozing'ono ngati nyerere. Ndinakakulunga n'kukalowetsa m'mkono wa juzi. Mumtima ndinkati sindikagwiritsa ntchito, kangokhala kondilimbitsa mtima.

Mu holo anatikhazika motalikirana, ndipo Wayilesi anali kutsogolo kwanga. Woyang'anira anali mphunzitsi wa Jogalafe, mayi wamtali amene nsapato zake sizinkamveka akamayenda. Nditatembenuza pepala la mafunso, ndinapeza kuti funso loyamba ndi lomwe mnzanga anandibwerezera kasanu lija. Lachiwirinso chimodzimodzi. Ndinayamba kulemba mothamanga, kapepala kaja n'kukaiwala. Patapita theka la ola thukuta linali kamukamu, ndipo ndinakwinya mikono ya juzi osaganiza. Kapepalako kanagwa, kanagubuduka pa simenti, n'kukaima pansi pa mpando wa Wayilesi.

Ndinafuna kukakoka ndi phazi, koma kanali kutali. Nditadzutsa mutu, madamu aja anali ataima kale pomwepo. Anawerama, anakatola, n'kukatambasula pang'onopang'ono.

"Imirira," anamuuza Wayilesi.

"Ine, madamu?"

"Ichi n'chiyani?"

Wayilesi anayang'ana kapepalako nthawi yaitali. Kenako anacheuka n'kundiyang'ana kamodzi kokha. Ine maso anga ndinawathawitsira pa pepala langa.

"Si kanga, madamu."

"Nanga ndi ka ndani?"

Miyendo inkafuna kuimirira, koma mawu a bambo aja anandikanikiza pampando.

"Sindikudziwa," anatero Wayilesi.

Anamulanda pepala la mayankho n'kumutulutsa. Ine ndinapitiriza kulemba mpaka belu.

Zomwe zinachitika ku ofesi ndinazimva kwa anzathu amene ankasesa khonde tsiku limenelo. Anaitanitsa amayi ake. Anabwera tepi yoyezera ili m'khosi, ataiwala kuichotsa. Ahedi atawaonetsa kapepalako, mayiwo anakatembenuza, anaona mzere wa choko chabuluu, ndipo poti anali munthu wosadziwa kunama, anati, "Pepalali ndi la kwanga." Nkhani inathera pomwepo. Wayilesi anakana mpaka kulira, koma atamufunsanso kuti atchule mwini wake, sanatchule aliyense. Anatuluka pa geti amayi ake ali patsogolo, iye pambuyo.

Mayeso otsalawo ndinalemba ndikuyang'ana mpando wopanda munthu. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndi maganizo opita kwa ahedi, ndipo tsiku lililonse ndinkafika pa khonde la ofesi n'kupitirira ngati ndikupita kumpopi. Pobwerera kunyumba ndinkazungulira njira yakutali kuti ndisadutse kumsika. Anzathu ankandimvera chisoni. "Pepa Kajuzi, mnzako uja watikhumudwitsa tonse. Chonsecho ndi wanzeru!" Ine ndinkangogwedeza mutu.

Zotsatira zinatuluka patatha masabata atatu. Anazimata pa bolodi la pafupi ndi laibulale, ndipo ana anaunjikana, ena kukuwa, ena kulira. Ine ndinadikira mpaka gulu litachepa. Pa ana makumi asanu ndi anayi ndinali wachisanu ndi chimodzi. Fizikisi ndinakhoza bwino kuposa mmene ndinakhozerapo chiyambire. Kumunsi kwenikweni kwa pepala kunali dzina la mnzanga, atalidula ndi mzere wofiira.

Bambo atamva, anaseka mokweza koyamba m'miyezi yambiri. Anaitana anthu oyandikana nawo nyumba, n'kumawaonetsa lipoti ngati chithunzi cha khanda. Achemwali anandikumbatira ndi mtima wonse, misozi ili m'maso. "Watichotsa manyazi, mng'ono wanga," anatero. Chakudya cha tsiku limenelo ndinachisiya m'mbale.

Loweruka m'mawa tikuchapa kuseri kwa nyumba, ndinawauza achemwali zonse. Anasiya kufikisa, manja ali thovu lokhalokha, n'kundiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Ndipo mwana wa eni ake wakhala pakhomo masabata onsewa?"

"Ndimaopa bambo."

"Bambo ndimawaopa ndine, amene ndimakhala nawo tsiku lonse akakhala pa tchuthi." Anapukuta manja pa siketi. "Ine ndinalephera ndi mutu wanga, koma sindinagwetse munthu. Samba m'manjamo, upite."

Ndinawapeza amayi ake a Wayilesi akudula nsalu. Atandiona anaika sizasi pansi n'kunditambasulira manja.

"Mwanangu, ndamva! Nambala sikisi! Bola iwe watipukuta misozi. Unasoweranji chonchi? Ukanamamulangiza mnzakoyu, mwina sizikanafika apa."

Wayilesi anali pa makina achiwiri, akupinda mipendero ya mayunifolomu a ana a pulayimale. Anali ataonda. Sanasiye kupalasa mpaka atamaliza msoko, kenako anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, "Amayi, ndimuperekeze." Tinakaima kuseri, pamene ankatayako zidutswa za nsalu.

"Kapepala kaja kanali kanga," ndinatero.

"Ndikudziwa. R wako uja wa mwendo wautali ndingamusowe ine?"

"Nanga bwanji sunanditchule?"

"Ndimati uimirira wekha." Ankalankhula motsitsa, akuchotsa timaulusi pa bulauzi. "Mu holo muja ndinati wachita mantha, n'zomveka. Ku ofesi ndinkangoyang'ana chitseko. Mawa lake ndinauza amayi kuti dikirani, zoona zituluka. Anandimenya mbama, akuti ndisawapusitse. Amayi sanandimenyepo chibadwire, Kajuzi. Sabata itatha ndinasiya kuyang'ana kumsewu."

"Ukanangonena. Bwenzi atachotsa ine."

"Bwenzi ndili ndani ine, wopereka mnzake? Komanso akanandikhulupirira ndani? Pepala la kwathu, pansi pa mpando wanga."

Ndinayamba kulira. Iye sanalire, ndipo sanandigwire.

"Lolemba ndikanena kwa ahedi," ndinatero.

"Kanene," anayankha, n'kubwerera ku makina.

Lolemba ndinagogoda pa ofesi belu loyamba lisanalire. Ahedi anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Anatulutsa kapepala kaja mu kabati, anandipatsa pensulo kuti ndilembe fomula imodzi, n'kufananitsa. Kenako anavula magalasi n'kutikita maso nthawi yaitali.

"Ukanabwera Lachinayi," anatero. "Mayina a olemba mayeso aboma tinatumiza Lachisanu. Lako lilimo, lake mulibe. Chaka chino palibenso chimene ndingachite."

"Chotsanimo langa, muikemo lake."

"Si msika uno, mwana iwe, woti n'kusinthanitsa tomato. Kuchotsa ndingathe, koma kuika sindingathe. Ndiye nditaye awiri?"

Anandiimitsa sukulu masabata awiri ndipo anaitanitsa bambo. Analembanso kalata yopepesa kwa amayi ake a Wayilesi, yonena kuti mwana wawo alibe mlandu ndipo malo ake adzakhalapo chaka chamawa. Kalatayo anati ndikapereke ndekha.

Bambo anabwera atavala yunifolomu ya kuntchito. Anamva zonse ali chiimire, chipewa chili m'manja. Panjira sanandikalipire. Tili pafupi kufika anangoti, "Anthu aja ndinawaonetsa lipoti aja, ukawauze wekha." Madzulo ake anapempha achemwali kuti awapatsire madzi akumwa, n'kuwathokoza powatchula dzina, zomwe anali atasiya kalekale.

Kalata ija ndinakapereka mawa lake. Mayiwo anaiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Atamaliza anatembenukira kwa mwana wawo. Anamugwira tsaya, lomwe ndikuganiza kuti ndi limene anamenya lija. Kenako anandiyang'ana ine.

"Unkakhala pa benchi apo," anatero. "Ndinkakusiyira tiyi m'kapu yanga."

"Pepani, amayi."

"Pita kwanu, mwanangu. Usadzabwerenso kuno."

Mayeso aboma ndinalemba, ndipo ndinakhoza mwapakatikati. Chaka chotsatira ndinafunsa kwa ana a kalasi ya m'munsi mwathu ngati Wayilesi anabwerera. Anati ayi. Ahedi anatumako mthenga kawiri, koma iye anayankha kuti sangakhalenso m'kalasi ndi ana amene anamuona akutulutsidwa mu holo. Maso a amayi ake anali atayambanso kuvuta, moti ntchito yambiri ya pa makina inali itagwera iye.

Ndinadzakumana naye patapita zaka ziwiri pa depoti ya basi, ine ndikuchokera ku koleji ya uphunzitsi, iye atasenza mpukutu wa nsalu. Panalibe kothawira, choncho tinapatsana moni.

"Uli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya iwe?"

"Ndili bwino. Amayi ali bwanji?"

"Alipo. Diso limodzi linasiyiratu kuona. Achemwali ako aja?"

"Anabwereza mayeso, anakhoza. Ali ku unamwino."

"Zabwino zimenezo," anatero, ndipo ndinaona kuti akunenadi zochokera pansi pa mtima. "Ukawapatse moni."

Ndinali ndi zambiri zoti ndinene, koma kondakitala anayamba kuitanira basi yake. Ndinamuthandiza kukweza mpukutu uja pa chitseko. Anathokoza, analowa, n'kukakhala mbali inayo, kumene mawindo ake sankayang'ana pomwe ndinaima.