Fumbi la M'beseni la Padenga

"Beseni langa lili kuti?" anafunsa aphunzitsi ali pa makwerero.

Akazi awo, amene anzawo ankawatcha Natsache chifukwa chodana ndi litsiro, analoza pakhomo la khitchini. Beseni linali pomwepo, lotsukidwa kuti mbee.

"Mwandipha, mayi! Chaka chathunthu ndakhala ndikutchera fumbi logwa kumwamba. Mawa ndikaonetsa chiyani kumsonkhano wa aphunzitsi a sayansi? Safunsa anadya phula!"

"Nanga ine ndilote? Munthu wamkulu kusunga dothi padenga!"

Anayankha mokalipa, koma mtima unawawawa poona amuna awo akutsika ngati odwala. Mwamwayi, fumbilo anali atalikhuthulira m'chitini chopanda kanthu, poti adzadzalemo maluwa.

Aphunzitsi anakulunga maginito a wayilesi yakale m'pepala la pulasitiki, n'kumawayendetsa m'fumbimo. Tinthu timene tinakakamirapo anatiika pansi pa makina okulitsa zinthu, obwereka kusukulu. Anasankhasankha mpaka dzuwa kupendeka, kenako anakodola akazi awo.

Natsache anatsinzina diso limodzi n'kusuzumira. Anaona kampira kakuda, kosalala, konyezimira ngati mkanda.

"Kameneka n'kachidutswa ka mwala wa m'mlengalenga," anatero aphunzitsi chapansipansi. "Kanasungunuka pogwa. N'kakale kuposa mapiri onse. Ndikawerenga togwera m'beseni pa chaka, ndiyerekezera togwera pamwezi uja wowala usiku. Kumeneko kulibe mvula, kulibe mphepo. Chagwa chagwa."

"Ndiye amasesa ndani?"

"Palibe. Ngakhale mapazi a anthu amene anapitako akadalipo."

Natsache anakoka mpando, nayamba kusankha nawo ndi singano yawo yosokera. Maso ozolowera kuona kachitsotso pakona anapeza timipira tisanu, aphunzitsi tiwiri tokha.

"Zokalankhula mwazipeza," anatero mayiwo. "Koma mukanene kuti tisanu n'tanga."

Natsache anakwera okha makwerero kukabwezera beseni padenga, nalipsinja ndi njerwa.

M'mawa mwake aphunzitsi atanyamuka, Natsache anatenga tsache monga mwa masiku onse. Pakhonde panali fumbi lopyapyala logwa dzulo. Anaima nthawi yaitali akuliyang'ana, kenako anatsamiritsa tsache kukhoma n'kukatenga maginito.