Mbande za Kuseri kwa Laibulale

Mitengo inayamba kufota mwezi wachiwiri. Mbande mazana awiri kuseri kwa laibulale ya yunivesite, masamba atagwa ngati makutu a galu wodwala. Mlembi wa kalabu ya zachilengedwe anasiya kudzera kumeneko. Popita m'kalasi ankazungulira njira ya kumabafa, yaitali ndi yonunkha, bola asazione.

Kalabuyo Mlembi anailowa chifukwa cha Wapampando, mtsikana wa chaka chachitatu, wa kampata m'mano, yemwe akayamba kunena za nkhalango munthu unkaiwala kuti uli ndi njala. Tsiku lodzala mitengo, wojambula zithunzi ananena kuti ikakwana teni koloko anyamuka. Mlembi anafuna kuti pofika nthawiyo mbande zonse zikhale zili m'nthaka, Wapampando amuyang'ane n'kunena kuti, "Popanda iwe sitikanatha." Ndiye anauza anyamata okwirira kuti asataye nthawi n'kung'amba machubu a pulasitiki. Angoponya m'dzenje n'kukwirira.

Amene anaona ndi a Maluwa okha, bambo osamalira kapinga ndi maluwa a pasukulupo.

"Achimwene, ng'ambani kaye pulasitikiyo. Mizu idzera pati?"

"Madala, iyi ndi yamakono, imaola yokha," anatero Mlembi, anzake n'kuphulika kuseka. Anangopeka pomwepo. A Maluwa anavula chipewa, n'kukanda m'mutu, n'kubwerera ku wilibala yawo.

Mawu aja Wapampando ananenadi. Pojambulitsa anamugwiranso dzanja, ndipo dzanja limenelo Mlembi sanalisambe mpaka nthawi ya chakudya.

Tsopano Wapampando yemweyo anamupeza pakhonde la laibulale, nkhope ili gwa.

"Lemba kalata kwa bwana woyang'anira malo. A Maluwa sakuthirira mitengo yathu. Akuti anachenjezedwapo kawiri pa zina, kachitatu n'kunyumba."

Mlembi analemba. Chingerezi chake chinali chosalala bwino.

Lachisanu m'mawa anakumana onse pamitengo pomwepo. A Maluwa anabwera ndi ndowa m'manja, nsapato zawo za mphira zili matope okhaokha.

"Ndimathirira, bwana, m'mawa ndi madzulo. Vuto lili pansi. Anadzala ndi pulasitiki yomwe."

Bwana uja anaseka mpaka makiyi a m'lamba mwake analira. "Ana a yunivesite? Kudzala mtengo ndi pulasitiki? Madala, pezani bodza lina."

"Amene anayang'anira zokwirira ndi uyu," anatero Wapampando, akumwetulira Mlembi ndi kampata kaja. "Tawauza. Kenako uwerenge kalatayo."

A Maluwa sanamuyang'ane n'komwe. Ankayang'ana m'ndowa, ngati munthu amene wayamba kale kuganiza zoti akauza chiyani ana kunyumba. Mlembi akanakonda akanamutukwana. Mlembi anaona kuti mawu awiri okha, "Akunama awa," akanakwana, ndipo dzanja lija likanamugwiranso.

Anagwada pa mbande yoyamba n'kuigwira patsinde. Sanafune n'khasu lomwe. Inazuka yonse, fwa, itavala chubu chake chakuda, chonyezimira ngati chagulidwa dzulo. Ataching'amba, mizu inali itazungulirazungulira m'katimo ngati ulusi wosokonekera.

"Ndine ndinawauza anyamata," anatero, maso ali pansi. "Bambowa anandiletsa. Ine ndinawaseka."

Bwana anatsokomola, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi msonkhano wina. Wapampando anatambasula dzanja. Mtima wa Mlembi unadumpha, koma Wapampando ankangofuna kalata ija. Anaing'amba pakati, n'kuing'ambanso, zidutswa n'kuika m'thumba mwake.

"Pepani, bambo," anatero Wapampando kwa a Maluwa.

A Maluwa anatula ndowa, n'kupita ku wilibala, n'kubwera ndi makasu awiri.

"Zina zikadali moyo. Tikafukula lero, mwina theka lipulumuka." Anapatsa Mlembi khasu limodzi, n'kutola chubu chija n'kuchitembenuza. "Yamakono ija ndi imeneyi, achimwene? Koma ikuchedwatu kuola."

Mlembi anayesa kuseka, koma sizinatheke. Wapampando anatenga khasu linalo n'kukayambira kumapeto kwenikweni kwa mzere, kutali, atamupatsa msana. Pakati pawo panali mbande makumi anayi. Mlembi anaziwerenga kawiri, n'kuwerama, n'kuyamba kukumba pang'onopang'ono kuti asadule mizu.