Zimitsani Matochi

Atelala anatsika basi pachipata cha nkhalango atavala nsapato zawo zopitira kutchalitchi. Mlonda anayang'ana nsapatozo asanayang'ane nkhope.

"Mukufuna kukwera phiri ndi zimenezi, mayi?"

"Mapazi ndi anga. Ndionetseni pomwe alendo amadikirira."

Phiri analibe nalo ntchito. Anabwera chifukwa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, ankagwira ntchito kuno yotsogolera alendo, ndipo zaka zitatu zinali zitatha osaponda pakhomo. Tsiku lomwe mwanayo ananena kuti akusiya kusoka, Atelala anamuuza kuti akapita kukanyamulira anthu zikwama m'tchire, chitseko chawo asadzachigogodenso. Chibadwire mwanayo sanamverepo kanthu, koma ichi chokha anamvera. Kuyambira pamenepo m'chipinda chosokeramo munkalira makina amodzi. Enawo anali pakona, ofunditsidwa nsalu. Madzulo Atelala ankadya ali chiimire pafupi ndi zenera, mbale ili m'manja, poti kuyala tebulo chifukwa cha munthu mmodzi n'kudzivuta.

Alendo analipo khumi ndi awiri: ana asukulu ya ukachenjede, banja lina longokwatirana kumene, ndi bambo wonenepa wa kamera pakhosi. Kenako mwanayo anatuluka mu ofesi ya matabwa atavala jekete lobiriwira. Anali ataonda, khungu litada ndi dzuwa. Anawerenga alendo ndi chala. Chalacho chitafika pa Atelala chinaima pang'ono, n'kupitirira.

"Otsogolera tikuyenda awiri," anatero mwanayo. "Wina patsogolo, wina kumbuyo ndi amene atope. Palibe wopatuka m'njira, palibe wotola kanthu n'kuika m'thumba. Tiyeni."

Zimenezi Atelala anali atazimva kale kwa kasitomala wina, ndipo nzeru anali atapangiratu m'basi. Pantchito iliyonse wamng'ono ndiye amatsalira kumbuyo. Pakati pa mwana wawo ndi mkulu wa imvi yemwe anaima pambali ndi ndodo, wamng'ono anali wodziwikiratu. Iwo ayenda pang'onopang'ono, atsalira dala, ndipo mwanayo afune asafune ayenda nawo awiriwiri.

Anatsaliradi. Atacheuka anapeza mkulu wa imvi uja akuwamwetulira.

"Inu mukutani kuno?"

"Ndi malo anga, mayi. Amanditchula Amchira. Patsogolo pamakhala wodziwa phiri, ndiye pa tonsefe palibe womuposa uja."

Atelala anayesa kuthamangira, koma nsapato zinakana. Njira inalowa m'mitengo yaitali yomwe inatseka dzuwa, pansi pali ponyowa, mizu yopingasa paliponse. Mawu a mwanayo ankamveka patali, odukaduka, kenako gulu lonse n'kuseka. Kunyumba sankaseketsa munthu chonchi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti phiri lino linaphulika kalekale, anthu asanakhale kuno. Miyala yakuda mukupondayi inali yamadzimadzi, yoyaka moto, inkayenda ngati phala." Amchira anatola mwala n'kuwapatsa. "Taunyamulani."

Unali wobookabooka, wopepuka ngati buledi wouma.

"Mwala wanji umenewu? Sungatsekere ngakhale chitseko." Anauponya pansi.

Amchira anaseka. "Pakamwa pamenepa ndikupadziwa. Timapamva kwa wotsogolera uja m'mawa uliwonse tikachedwa."

Atelala anapitiriza kuyenda.

Kayendedwe kake kanali kotere: gulu likafika poima, wotsogolera ankafotokoza, n'kudikira mpaka chipewa cha Amchira chioneke m'mitengo. Amchira akakweza ndodo, ndiye kuti onse alipo, gulu n'kunyamuka. Motero Atelala pofika paliponse ankapeza anthu akumanga zikwama. Pa kasupe wa madzi otentha anapeza nthunzi ikufuka m'matope otuwa, fungo la mazira oola, ndi msana wa jekete lobiriwira ukulowa m'tchire. Pamwamba, pomwe phiri linabooka n'kusiya dzenje lalikulu lodzaza madzi obiriwira osagwedezeka, anapeza makoko a nthochi ndi msana womwe uja. Anaima m'mphepete okha, mphepo ikuwalowa m'bulauzi. Pansi pake panalibe mbalame, panalibe munthu. Panali zii ngati m'nyumba mwawo Lamlungu masana.

Koma msanawo anauonetsetsa. Paphewa lakumanja jekete linali litang'ambika, ndipo wina anali atalisoka ndi ulusi woyera, modumphadumpha ngati akusoka thumba la makala. Ulusi woyera pa nsalu yobiriwira. Mwana amene anaphunzira singano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, m'manja mwa iwowo. Mtima unawawawa kuposa matuza a m'mapazi.

"Mwina mupume apa, tibwerere," anatero Amchira. "Kwatsala phanga, ndipo ndi lovuta."

"Ndinakupemphani malangizo?"

Pakhomo la phanga gulu linadikira, chifukwa mmenemo salowa mosiyana. Aliyense anapatsidwa chipewa cholimba ndi tochi. Mwanayo anagawa yekha, koma za Atelala anapatsira Amchira.

Mkati munali mozizira, motalika ngati paipi yaikulu. Mwanayo anafotokoza kuti moto wamadzimadzi uja unauma kunja kokha, wamkati n'kupitirira kuyenda, n'kusiya mphako. Anaunika makoma osalala, ndi denga lomwe miyala inalendewera ngati kandulo wosungunuka. Ankadziwa pomwe munthu awerame, pomwe madzi amadontha, pomwe mileme imagona. Bambo wa kamera anafunsa funso lalitali lodzionetsera, mwanayo n'kuliyankha m'mawu asanu. Atelala anagwedeza mutu mumdima, palibe anawaona.

Atafika pamalo potakasuka, mwanayo anati onse akhale pansi.

"Pano timachita chinthu chimodzi ulendo uliwonse. Tizimitsa matochi onse kwa mphindi imodzi, kuti mudziwe mdima weniweni. Osalankhula, osayatsa foni. Ndikati tayatsani, muyatse. Zimitsani."

Matochi anazima limodzi ndi limodzi. La Atelala linali lomaliza.

Mdima wotere anali asanauonepo. Anatsegula maso, anatseka, chimodzimodzi. Anaika dzanja pamphuno, osaliona. Madzi ankadontha penapake. Anthu khumi ndi anayi anali momwemo, koma aliyense anali yekha, ndipo Atelala anazindikira kuti mwana wawo ali pafupi, mwina mapazi khumi, ndipo palibe nkhope yoti ayang'anizane nayo. Mphindi ndi yaifupi. Ikatha adzaonanso msana mpaka kuchipata, kenako basi.

"Makina ako ndimawathira mafuta Loweruka lililonse," anatero.

Mawuwo anamveka kwambiri kuposa mmene ankafunira, anagunda khoma n'kubwerera. Mwana wasukulu wina anaseka pang'ono n'kusiya.

"Anthu atatu abwera kudzawafuna. Ndawabweza onse."

Madzi anapitiriza kudontha. Mphindi inatha, inanso inayamba, wotsogolera osalamula kuti ayatse. Bambo wa kamera anatsokomola. Pomalizira anali Amchira amene anati, "Tayatsani," ndipo matochi atayaka mwanayo anali ataimirira kale, akuyang'ana kukhoma, akumanga lamba wa chipewa yemwe sanamasuke.

Potulukira panali pothina, pokwera mwala wautali kufika m'chifuwa. Wotsogolera amakwera poyamba n'kukoka aliyense ndi dzanja. Mwanayo anakoka onse khumi ndi mmodzi. Amchira anawerama kumanga nsapato yawo, ndipo anaimanga nthawi yaitali.

Atelala anatambasula dzanja. Dzanja la mwanayo linali lokakala, lamphamvu. Linawakoka kamodzi kokha, n'kuwaimika padzuwa.

"Amayi, mwandiphwanyira lamulo pamaso pa alendo."

"Lamulo lako ndi lalifupi. Ndikanalankhula kuti? Tsiku lonse ukundionetsa msana."

"Munanena nokha za chitseko."

"Ndikudziwa chomwe ndinanena." Atelala anakoka phewa la jekete, n'kulowetsa chala pakati pa ulusi. "Wasoka ndani ichi?"

"Ine."

"Usauze munthu kuti unaphunzira kwa ine. Vula."

"Ndi la ntchito. Ndili ndi limodzi lokha labwino."

"Limeneli ndiye labwinolo? Vula."

Mwanayo anayang'ana alendo omwe ankamwa madzi pamthunzi, akunamizira kuti sakumva. Kenako anatsegula zipi.

"Mukatumize ndi kondakitala wa basi ya m'mawa. Amandidziwa."

"Ntchito yanga sindipatsira kondakitala. Mwini chovala amabwera kudzayesa."

"Mwezi uno alendo ndi ambiri. Mwina mwezi wamawa."

"Lachitatu."

"Lachitatu ndili ndi magulu awiri."

"Lachinayi."

"Ndimapuma Lolemba lokha, Amayi. Lolemba la sabata inayo, osati likubwerali. Ndipo sindigona. Ntchito sindikusiya, mumve bwino."

Atelala anatsegula pakamwa kuti atsitseko masikuwo, monga amachitira ndi aliyense pa mtengo. Anayang'ana nkhope yoondayo, n'kutseka.

"Ndani wakuuza kuti usiye? Lolemba limenelo."

Mwanayo anatembenuka, anawerenga alendo ndi chala, Amchira n'kukweza ndodo. Potsika Atelala anatsaliranso kumbuyo, tsopano osati dala. Nsapato imodzi inali itayasama kutsogolo. Pachipata gulu lina linali likudikira kale, ndipo mwanayo anangokweza dzanja ali patali, atavala juzi yobwereka, n'kulowanso m'mitengo.

M'basi Atelala anakhala okha pampando wa anthu awiri, jekete lili pamiyendo. Linkanunkha utsi ndi mazira oola aja. Anatulutsa kalumo m'chikwama n'kuyamba kumasula ulusi woyera, umodziumodzi. Ntchito yonse inali ya theka la ola, ndipo masiku anali khumi ndi awiri. Anatembenuza jekete kunsi kuti aone ngati pali penanso pofunika singano. Thumba lamkati linali lobooka, ndipo zipi inali itayamba kulumpha mano.