Mwana wa Dokotala Vercammen Kukhoti

Griet Vercammen anakula akudziwa kuti adzakhala dokotala. Palibe anamufunsapo, zinangodziwika. Agogo ake aamuna anali dokotala wa m'mudzimo, mayi ake a Hilde n'kudzalowa m'malo mwawo m'chipinda chomwecho. Mayeso olowera maphunziro a udokotala anali pafupi, mu Julaye.

Koma Lachiwiri limenelo Griet sanatsegule buku. Anaperekeza mayi ake kukhoti.

Mlandu unali wa a Staf Claes, mlimi wa ng'ombe zamkaka. Iwowa anapita kwa a Hilde akudandaula kuti pachifuwa pakuwotcha. A Hilde anati n'chilungulira, n'kuwapatsa mankhwala. Mawa lake a Staf anagwa m'khola osadzukanso. Unali mtima. Akazi awo, a Rita, ndiwo anasuma.

Griet analowa m'khotimo atadana kale ndi loya wa a Rita. Loyayo, mayi Dewaele, anali wamfupi, mkanjo wakuda ukumukulira, mawu ake otsika moti anthu ankachita kutchera khutu. Anapempha woweruza kuti dokotala ayankhe mafunso ochepa chabe.

"Makina opimira mtima analimo m'chipinda mwanu?"

"Analimo," a Hilde anayankha.

"Ankagwira ntchito?"

"Inde."

"Nanga chinakuletsani n'chiyani kuwapima a Staf?"

A Hilde anayang'ana manja awo. Chibadwire Griet anali asanaonepo mayi ake akusowa chonena.

"Panja panali odwala ambiri," anatero pomaliza. "Ndipo a Staf ankabwera pafupipafupi ndi timadandaulo. Ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa."

Mayi Dewaele anakhala pansi. Kutsidya linalo a Rita anagwedeza mutu pang'onopang'ono, misozi ili chuchuchu.

Atatuluka, a Hilde anagula tchipisi pakanyumba ka pamsika, n'kukhala pabenchi. Sanadye. Ankangobaya mayonezi ndi kafoloko.

"Wawaona maloya amenewa?" anatero. "Akhwangwala. Sanagwirepo dzanja la munthu wodwala, koma pakamwa pokha! Iwe ukafika kunyumba ugwire mabuku. Tsiku lalero lakutayitsa nthawi."

Griet anatembenukira kwa mayi ake.

"Amayi, mayeso aja sindilemba."

"Wati chiyani?"

"Ndikufuna kuphunzira zamalamulo. Ku yunivesite ya mumzinda wa Gent."

A Hilde anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka nkhope yawo inafewa, anamugwira tsaya. "Mwana wanga, wachita mantha ndi zimene waona. Ukufuna uzidzanditeteza? Usadandaule za ine."

Griet anaona kuti khomo lothawira latseguka. Akanangoti inde, mayi ake akanaseka, mwina n'kulira pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma bodzalo linamukanika.

"Si zimenezo, amayi. A Rita akhala akufunsa chichitikire malirowo kuti chinachitika n'chiyani. Anabwera kwathu, munawatumizira loya wanu. Palibe anawayankha. Lero mayi uja wafunsa, ndipo ayankhidwa."

Dzanja lija linachoka patsaya.

"Ndiye wasirira amene amandivula pagulu?"

"Sindinanene choncho."

"Wanena! Ine ndili pamoto, iwe uli pambuyo panga kuwombera m'manja mumtima. Ukudziwa anthu amene ndawapulumutsa m'mudzi muja? Ukudziwa kuti mwana wa Rita yemweyo anabadwira m'manja mwanga?"

"Ndikudziwa."

"Sukudziwa kanthu iwe. Sunalakwitsepo chinthu choti munthu n'kufa nacho. N'chifukwa chake ukufuna ntchito yoloza anzako chala. Kumeneko manja sada."

Bambo wina amene ankadutsa ndi njinga anacheuka.

"Mwina n'zoona," anatero Griet. "Koma mayesowo sindilemba."

A Hilde anaimirira, n'kuponya tchipisi zonse m'bini. Pobwerera kwawo, wailesi ya m'galimoto sanatsegule.

Chigamulo chinatuluka patapita masabata angapo: khoti linapeza kuti a Hilde analakwitsa posawapima a Staf. Ntchito sanawalande, koma m'mudzi nkhani inali pakamwa pa aliyense, ndipo odwala ena anasamukira kwa dokotala wina. Mu Seputembala Griet anapita ku Gent. Makatoni ake anawanyamula ndi bambo ake. Mayi ake anati tsikulo kuli odwala ambiri.

Masana ena mu Novembala, Griet akutuluka m'kalasi, foni inalira. Anali mayi ake, koyamba chichokereni kwawo. Moni sanapereke.

"Loya wanga akuti tichite apilo. Akuti tikhoza kupambana. Iwe ukuti bwanji?"

"Amayi, ine ndangoyamba kumene. Za apilo sitinafikepo."

"Maloya ndili nawo. Ndikufunsa iwe."

Griet anatsamira khoma. Anzake ankamudutsa akuseka, mvula ikuwaza. Ankadziwa yankho limene mayi ake ankalifuna.

"Musachite," anatero. "Zimene munanena m'khoti tsiku lija zinali zoona. Zisiyeni zikhale choncho."



"Ndamva," a Hilde anatero, n'kudula.

Apiloyo sanachite. Griet anamva zimenezi kwa bambo ake, sabata yotsatira.