Thumba la Mchenga Kuseri kwa Nyumba

Che Sefu anamwalira Lachiwiri pa 14 Meyi 2024, m'mawa, kuseri kwa nyumba yawo ku Lungwena. Anali ndi zaka 61. Anawapeza atagona chammbali pafupi ndi chitsulo chokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, chomwe ankanyamula pokhwimitsa thupi. Anaikidwa tsiku lomwelo itatha swala ya masana, monga achitira Asilamu, ndipo palibe dokotala amene anaona mtembo.

Mwana wawo Shakila, yemwe amagulitsa nsalu m'sitolo ku boma, sanakhazikike chiyambire tsikulo. Ankasesa posesa kale, kusuntha mabenchi, kuwabwezanso pomwe anali. Mlongo wake Swadick anafika Loweruka kuchokera ku Joni, napeza dothi la pamanda litauma. Pochoka kumandako sanalowe m'nyumba. Analunjika kuseri.

"Ndiye izi ndi zimene zapha ababa?" anatero akukankha chitini ndi nsapato. "Akuti ndiwe unawaphunzitsa."

"Anachita kundipempha, achimwene."

"Akanakupempha mankhwala a makoswe ukanawapatsanso? Munthu wa imvi, iwe n'kumuika pa masewera a anyamata a m'tauni! Anthu pamaliro pano akuseka chamumtima. Ati mdala ankakonza thupi kuti akatenge mkazi wachiwiri ku Nkope, poti amayi anafa ziwalo."

Mphekesera imeneyo Shakila anaimva kale, ndipo masiku ena nayenso ankaikhulupirira.

Munali mu Febuluwale pamene bambo ake anatulukira kusitolo panjinga, thukuta lili kamukamu.

"M'foni yakoyo akuti muli aphunzitsi a zonyamulanyamula," anatero. "Undipezere za munthu woyamba kumene."

Shakila anaseka, koma anafufuza. Anawamasulira zomwe anapeza: katatu pa sabata, kupuma tsiku limodzi pakati, kuyamba ndi zopepuka n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Anawaonetsa zokuza mikono ndi chifuwa. Iwo anapukusa mutu.

"Izo n'zokadzionetsera pamsika. Ine undionetse zonyamula kuchokera pansi."

Anasankha ziwiri zokha: kunyonyomala n'kudzuka, ndi kudzutsa chitsulo pansi msana uli woongoka. Kanema wa zimenezi anamubwerezetsa mpaka foni inatentha. Shakila sanafunse chifukwa chake. Tsopano funso lina ndilo linkamudya: kodi akanakana tsiku lija, bambo ake akanakhala ali moyo?

Kuseri kuja, Swadick anali atatenga hamala. Chitini choyamba chitangosweka, a Tatu, mng'ono wa mayi awo, anaitana ali m'nyumba.

"Shakila! Madzi akuzizira kuno!"

Mayi awowo, Mayi Alima, anagwidwa ndi sitiroko mu Okutobala, ndipo mbali ya kumanzere inafa. Kuwanyamula kupita nawo kubafa inali ntchito ya Che Sefu, sankalola wina aliyense. Chichitikire maliro ankangowapukuta ndi nsalu pabedi, koma tsikulo anakanitsitsa, ati akufuna madzi enieni pathupi.

A Tatu anagwira kumiyendo, Shakila m'khwapa. Anayenda bwino mpaka pakhomo la kuchipinda, pomwe pansi pamatsika pang'ono. Apo a Tatu anafuula kuti msana, nataya miyendo, ndipo onse atatu anapezeka ali pansi.

"Amayi, mwavulala?"

Mayi Alima ankaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, misozi ikutsika.

"Pomwepa," anatero movutikira. "Bambo ako anandigwetsanso pomwepa, mu Januwale. Anakhala pansi pambali panga n'kumalira ngati khanda. Ati, 'Alima, ukalamba wandibera mphamvu. Ndikazilanda.'"

"Ndiye anazilanda?" anafunsa a Tatu akusisita m'chiuno.

"Mwezi wathawu ankandifikitsa kubafa osapumira panjira. Ankachita kunyada, ati ine ndine ndapepuka. Bodza. Ndimadya ngati kale."

Swadick anali ataima pakhomo, hamala ili m'manja. Anaiika pansi mwakachetechete, nawerama kuti awadzutse mayi ake.

"Osati choncho, achimwene," Shakila anamugwira paphewa. "Muthyoka. Pindani maondo, msana uwongoke, muwayandikitse pachifuwa."

Swadick anamuyang'ana kanthawi, kenaka anachita monga anauzidwa. Anadzuka nawo mayi ake, nawakhazika pampando wa m'bafa. Potuluka anali akupuma ngati wakoka khoka.

"Iwe ukubwerera liti kwanu ku Joniko?" a Tatu anamufunsa.

"Lachitatu. Ndikachedwa ndikapeza wina pamalo panga."

"Ine msana wanga mwauona nokha. Ndipo achemwali ali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi sachoka pakhomo pano, mwamuna wapadera sawakhudza. Ndiye tiziti bwanji?"

Swadick anayang'ana zikhato zake. M'bafa munkamveka mayi Alima akudzithira madzi ndi dzanja lamoyolo.

Shakila anatuluka, nazungulira kuseri. Anayamba kutola zibenthu za simenti, ndipo posuntha lata lakale lotsamira khoma anapeza chinthu chimene sanachionepo. Linali thumba la mchenga, matumba awiri osokedwa pamodzi ndi ulusi wa ukonde, lalitali ngati munthu wamfupi. Pakati linamangidwa ndi chitenje chakale cha mayi ake. Izi m'foni muja munalibe. Kumapeto kwina Che Sefu anasokererako thaulo lopindidwa bwino, ndipo thaulolo linali litada ndi thukuta pamalo pomwe mkono wawo unkalowa kuchirikiza mutu.

Shakila anamanga chitenje chake molimba. Ananyonyomala, nalowetsa mkono umodzi pansi pa thaulo, wina kumiyendo, nawongola msana. Thumba linanyamuka pang'ono chabe n'kumugonjetsa. Polibweza pansi anayamba kutsitsa miyendo, mutu pomalizira.

Chimene chinaimitsa mtima wa Che Sefu sichikudziwika. Basi ya Swadick inyamuka Lachitatu m'mawa, ndipo Lachinayi mayi Alima adzafuna kusamba.